Zodzigwetsa dala mu mpira wa makoleji ku America zafika ponditopetsa

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamaonera mpira wa makoleji ku America, uja wovala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa, ndipo lero ndati ndingochilemba basi chifukwa chakhala chikundisowetsa mtendere. Mnyamata akagwa pansi pabwalo osadzuka, mtima wanga umayenera kudumpha. Poyamba unkadumphadi. Koma masiku ano ndimapezeka ndayamba kuyang'ana wotchi kaye, kuyang'ana kuti timu yake yatsala ndi ma timeout angati (mipata imene timu imapempha kuti gemu iime kaye), kenako ndi pamene ndimaganiza zoti mwina mwanayo wathyokadi mwendo. Zimenezi sizabwino olo pang'ono, ndipo anandiphunzitsa kuganiza chonchi ndi makochi amene amauza ana kuti adzigwetse dala.

Kwa amene simuutsata mpira umenewu ndifotokoze kaye pang'ono, apo bii nkhaniyi simveka. Gemu imaseweredwa moduladula. Timu yomwe ili ndi mpira imasewera kamodzi, mpira ufa, onse ayimanso pamzere, kenako ayambanso. Pakati pamenepo pali masekondi 40 oti akonzeke. Kale matimu ankayamba aunjikana kaye kuuzana zochita, chija amati huddle, ndiye a difensi, timu yopanda mpira ija, nawonso ankapezerapo mpata wopuma ndi kusintha osewera. Koma kunabwera makochi ngati Chip Kelly ku Oregon ndi Gus Malzahn ku Auburn, pano kulinso Josh Heupel ku Tennessee, amene anati ife za huddle ayi, mpira ukangoikidwa pansi tikuyambanso pompo. Ndiye lamulo limati timu ya mpira ikasintha wosewera, refu ayenera kudikira kuti a difensi nawonso asinthe. Koma ikapanda kusintha aliyense, palibe kudikira. Tangoganizani tsono munthu wolemera makilo 130 kapena kuposa, wakhala akukankhana ndi zimphona zinzake kasanu ndi kawiri motsatizana, mpweya watha, kochi wake akufuna kumutulutsa koma mpata palibe, ma timeout alipo atatu okha pa hafu iliyonse ndipo palibe amene akufuna kuwawononga msanga. Koma munthu akavulala refu amayimitsa gemu, timu osalipira kanthu, wovulalayo amangokhala panja sewero limodzi lokha nkubwereranso. Mwaonatu pamene pali khomo. Kwa zaka zambiri khomo limeneli linali lotsegula, ndipo makochi ankalowapo masana dzuwa likuswa mtengo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ndi zachilendo, zobwera ndi mpira wothamanga wa masiku ano. Ayi ndithu. Mu November 1953 Notre Dame, imene inali nambala wani m'dziko lonse pansi pa kochi Frank Leahy, inasewera ndi Iowa. Hafu yoyamba ili pafupi kutha, ma timeout atawathera, wosewera wawo Frank Varrichione anagwa pansi, wotchi inaima, Notre Dame nkugoletsa. Chakumapeto kwa gemu zinachitikanso chimodzimodzi ndipo inathera 14 kwa 14. Manyuzi anawanyoza kwambiri mpaka kuwapatsa dzina loti Fainting Irish, kutanthauza okomokakomoka, ndipo anatsika pa nambala wani paja. Zaka zoposa 70 zapitazo zimenezo. Kusiyana kwake nkoti nthawi imeneyo zinali zochititsa manyazi dziko lonse, pamene m'zaka zaposachedwapa zinafika poti ndi gawo chabe la mapulani a gemu.

Ina imene anthu amaikumbukirabe ndi ya mu 2010, Cal ndi Oregon. Oregon ya Chip Kelly chaka chimenecho inali moto, kugoletsa mapointi oposa 50 magemu ambiri, mpaka inakafika mu fainolo ya dziko lonse. Koma Cal inaigwira, gemu inathera 15 kwa 13, Oregon kuwina movutikira. Vuto ndi loti kamera inajambula wosewera wa Cal ataimirira bwinobwino, akuyang'ana kubenchi kwawo, kenako nkungogwa atagwira mwendo popanda womukhudza. Sukuluyo inavomera, ndipo kochi wa osewera apamzere wa difensi, Tosh Lupoi, anaimitsidwa gemu imodzi chifukwa ndi amene anamuuza. Chimene ndimachigwira pankhaniyi ndi chija choyang'ana kubenchi. Mwana uja sanadzigwetse mwa nzeru zake. Anayang'ana kwa akuluakulu ake, analandira chizindikiro, ndiye anagwa.

Ndipo apa mpamene pagona mkwiyo wanga wonse. Anyamatawa ambiri ali ndi zaka 18 mpaka 22. Kochi ndi amene amasankha woti alowe ndi woti akhale pabenchi, ndi amene mawu ake angathandize kapena kuwononga mwayi wa mwanayo wopita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri. Kochi wotero akakuuza kuti ndikakweza dzanja ugwe, iwe ungakane? Ndani angakane? Ndiye vidiyo ikafala pa intaneti nkhope imene imasekedwa ndi ya mwanayo, dzina limene anthu amalemba pa makomenti ndi la mwanayo, kochi ali phee pa msonkhano wa atolankhani kumanena kuti za kuvulala amadziwa ndi madokotala. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kuno zatembenuka, nkhuyu akudya ndi wamkulu, mimba ikupota mwana.

Koma choipitsitsa pa zonse sikuchedwetsa gemu ayi, olo kubera timu inayo liwiro lake. Choipitsitsa ndi chimene chimachitikira amene avulaladi. Pa 9 October 2021 Penn State inapita kukasewera kwa Iowa pa Kinnick Stadium, matimu onse awiri ali m'gulu la anayi apamwamba m'dziko. Osewera a difensi ya Penn State angapo anagwa pansi nthawi zosiyanasiyana ndipo masapota a Iowa anayamba kuwakuwiza, sitediyamu yonse kuchita phokoso munthu ali chigonere pa udzu. Patapita masiku kochi wa Iowa, Kirk Ferentz, anaikira kumbuyo masapota ake kuti anaona kuti pali chinyengo. Kochi wa Penn State, James Franklin, anayankha kuti adzigwetserenji poti Iowa ndi timu yosewera modekha, yochita huddle, palibe liwiro loti uliduleko. Ndipo mmodzi mwa amene anavulala tsiku limenelo, PJ Mustipher, sanasewerenso sizoni yonseyo. Quarterback wa Penn State, woponya mpira amene amatsogolera masewero, Sean Clifford, nayenso anatuluka osabwereranso m'gemuyo, Iowa nkuwina 23 kwa 20. Ine ndimaganizira makolo a mwana amene ali pa sitandi kapena pa TV kunyumba, mwana wawo wagona pansi bondo lawonongeka, anthu zikwizikwi akumukuwiza kuti wabodza. Masapota aja sindikuwavomereza, kukuwiza munthu ali pansi nkulakwa basi. Koma sanangodzuka nazo, anakhala akuonetsedwa zachinyengo zaka ndi zaka mpaka anasiya kukhulupirira. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Sabata yotsatira yomweyo kunali Tennessee ndi Ole Miss ku Knoxville, gemu yoimaima chifukwa cha ovulala mpaka kutopetsa, matimu onse awiri othamanga, aliyense kukaikira mnzake. Mapeto ake masapota anakwiya ndi chigamulo cha refu nkuyamba kuponya mabotolo pabwalo, mpira wa gofu unamenya kochi wa Ole Miss panthawiyo, Lane Kiffin, ndipo Tennessee inalipitsidwa madola 250,000. Sindikunena kuti zoponyazo zinabwera chifukwa cha odzigwetsa okha, koma munthu amene anaonera anaona mmene mitima inkatenthera pang'onopang'ono usiku wonse. Mu 2024 dzina la Ole Miss linabweranso pa gemu yawo ndi Kentucky, pamene kamera inaonetsa wosewera wa timu ya mpira, osati difensi, akugwa mwadzidzidzi anthu onse akuona. Apa zinaonekeratu kuti matendawa afalikira mbali zonse, timu ya mpira nayonso ikasokonekera ndipo wotchi ikuithera, ikugwetsa munthu mmalo mowononga timeout.

Nanga akuluakulu a mpirawu achitapo chani? Kwa nthawi yaitali ankangolankhula. Buku la malamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, limanena kale kuti kunamizira kuvulala ndi kusakhulupirika, koma refu sangaweruze pabwalo kuti uyu akunama, ndipo ine ndikugwirizana nazo, refu si dokotala. Tsiku limene refu adzauze mwana kuti dzuka ukunama kenako nkupezeka kuti mwanayo wavulala khosi, lidzakhala tsiku loipa kuposa zonse tikudandaulazi. Mu 2021 anaika njira yoti sukulu kapena ligi itha kutumiza vidiyo kwa mkulu wa marefu m'dziko lonse, Steve Shaw, kuti aione gemu itatha. Koma gemu itatha ndiye kuti wowina wawina kale. Kumayambiriro kwa November 2024 mkulu wa ligi ya SEC, Greg Sankey, analembera masukulu onse kalata yaukali ndithu yoti zachibwanazi zithe, ndipo anaika chilango: koyamba kudzudzulidwa poyera ndi faini ya madola 50,000, kachiwiri 100,000, kachitatu kochi wamkulu kuimitsidwa gemu yotsatira. Ndinasangalala kuti chala chaloza kwa kochi. Koma tinene zoona, ku SEC kuli makochi ngati Kirby Smart wa Georgia amene amalandira pafupifupi madola 13 miliyoni pachaka. Sindikumunena iyeyo kuti amachita nawo, ndikungoonetsa kukula kwa ndalama zimene zili kumeneko. Pa ndalama zoterezi 50,000 ndi chani? Ngati kugwetsa mwana mmodzi kungapulumutse gemu imene ikulowetseni mu playoff ya matimu 12 olimbirana chikho cha dziko lonse, masukulu ambiri alipira mosawiringula nkomwe.

Kenako mu April 2025 NCAA inavomereza lamulo latsopano. Ngati azachipatala alowa m'bwalo kudzaona wosewera pamene marefu aika kale mpira pansi kukonzekera sewero lotsatira, timu yake ilandidwa timeout imodzi, ndipo ngati ilibe, ilangidwa mayadi 5. Ili ndi labwino kuposa zonse zam'mbuyomo chifukwa chilango chikubwera pompo, mkati mwa gemu, pamene chimapweteka. Chija choimirira bwinobwino, kuyang'ana kubenchi, kenako nkugwa, lamuloli lachigunda penipeni. Ndipo maligi ayamba kulumako, mu sizoni ya 2025 ligi ya ACC inalipitsa Syracuse madola 25,000 pa zimene zinachitika pa gemu yawo ndi Clemson, SEC nayo inalipitsa Texas A&M madola 50,000 pa gemu yawo ndi Arkansas.

Koma lamuloli lili ndi mabowo awiri amene akundidetsa nkhawa. Loyamba ndi losavuta kuliona, kochi wochenjera angouza ana ake gemu isanafike kuti osadikira chizindikiro, ukaona kuti atithamangitsa masewero asanu osapuma, sewero likangotha usadzuke, ingokhala pansi pomwepo mpira usanaikidwe. Basi, lamulo lazembedwa, palibe timeout yolandidwa ndipo pa vidiyo sizioneka zachilendo. Lachiwiri ndi limene limandiopsa. Kuvulala kwenikweni sikumadziwika nthawi yomweyo nthawi zonse. Munthu wamenyedwa mutu amatha kudzuka, kuyenda masitepe angapo, kenako dziko nkuyamba kuzungulira. Wina mtsempha umakokana akuima kale pamzere. Mwana ameneyo tsopano akudziwa kuti akagwa timu yake itaya timeout, mwina yomaliza, pa gemu yothina. Mukuganiza achita chani? Alimba mtima, aima pamzere mutu ukuzungulira, amenyedwenso kachiwiri. Mpira umenewu watenga zaka zambiri kuphunzitsa osewera kuti ukamva kuti sizili bwino khala pansi, usadzionetse chamuna, ndiye sitingabwerenso m'mbuyo chifukwa cha makochi ochepa opanda manyazi.

Ine njira imene ndimaiona kuti ndi yolondola ndi ija bungwe la makochi lomwe, AFCA, linapereka lamulo la 2025 lisanabwere: munthu amene gemu yaimira chifukwa chake asabwerere pakatha sewero limodzi, akhale panja mpaka drive yonseyo ithe, kutanthauza mpaka mpira usinthe manja kapena wina agoletse. Ubwino wake ndi woti refu sakufunika kuweruza mtima wa munthu. Ngati wavulaladi, kukhala panja mphindi zingapo ndi kumene akufunika, dokotala amuone modekha, amufunse mafunso, amuyendetse, osati kumuwaza madzi kumaso nkumubweza. Ngati amanama, timu yake yataya wosewera pa nthawi imene imamufuna kwambiri. Wovulala wathandizidwa, wabodza walangidwa, ndi lamulo limodzi lomwelo.

Ndikudziwa zimene ena anena, ndipo ali ndi mfundo. Akuti nanga quarterback amene wangobanika mpweya pa drive yomaliza ya gemu, akhale panja timu yake iluze chifukwa cha masekondi 30 opuma? Ndiye nanga sipamenepanso ana azibisa kuvulala? Yankho langa ndi loti payenera kukhala pothawira poonekera. Timu ikafuna munthu wake abwerere msanga, ipereke timeout, dokotala akavomera. Ngati wavulazidwa ndi sewero loipa limene refu waponyera mbendera, asalangidwenso ndi kukhala panja, apo bii ndiye kuti tikupereka mphotho kwa womenya anzake. Zoterezi si zongopeka, mu mpira wamiyendo ligi ya MLS ya ku America mu 2024 inaika lamulo loti wosewera akakhala pansi masekondi oposa 15 nkulowa azachipatala, akhale panja mphindi ziwiri, koma anasiya mpata pa zovulala m'mutu, pa goloboyi komanso pa faulo yobweretsa khadi. Ngati drive yonse ikuoneka yaitali kwambiri, chifukwa ina imafika masewero 12 kapena 15, aike nambala, masewero anayi kapena asanu. Chachikulu ndi choti limodzi ndi lochepa kwambiri.

Bowo lina limene makochi angalowere ndikuliona kale, kugwetsa wosewera wosafunika kwenikweni, uja amene amati atuluke kale. Apa mpamene vidiyo ya pambuyo pa gemu ikufunika, koma chilango chake chisakhale ndalama. Kochi wamkulu akhale kunyumba gemu yotsatira kuyambira ulendo woyamba womwe, osadikira kachitatu. Ndalama sukulu imalipira, koma Loweruka lokhala pampando kunyumba timu yako ikusewera palibe amene angakulipirire. Ndipo wosewera asakhudzidwe, pokhapokha patapezeka umboni woti anachita yekha. Ndingakondenso kuti pakhale dokotala woima payekha, wosalembedwa ntchito ndi sukuluyo, amene alembe chimene wapeza pa wosewera aliyense amene anaimitsa gemu. Azachipatala a timu ndi anthu ophunzira, olumbira kusamalira odwala, ndipo zimandimvetsa chisoni kuwaona akuthamangira m'bwalo kukapapasa mwendo umene akudziwa kuti uli bwinobwino chifukwa bwana wafuna choncho.

Komanso tisamangokalipira a difensi ngati kuti alibe dandaulo. Ali nalo, lenileni. Mu 2014 panabwera ganizo loti timu ya mpira isamayambe sewero masekondi 10 oyamba asanathe kuti difensi izitha kusintha anthu, Nick Saban wa Alabama ndi Bret Bielema wa Arkansas anali kumbali yake, makochi othamanga anakana mwamphamvu kuti akufuna kupha masewero awo, ndipo ganizolo linangoikidwa pambali. Ine sindikufuna liwiro liphedwe, ndi limene limakometsa mpira wa makoleji kuposa wa NFL kwa ine, timu yaing'ono imatha kutopetsa yaikulu nkuigonjetsa chifukwa cha mapapo. Koma pangapezeke njira yapakati, mwachitsanzo timu ya mpira ikapeza first down (kutsogola mayadi 10 nkupatsidwa masewero ena anayi) kawiri motsatizana osasintha munthu, refu aimirire pa mpira masekondi ochepa kuti difensi isinthe. Kochi amene ali ndi njira yovomerezeka yotulutsira wosewera wotopa alibenso chonamizira. Mukangotseka khomo lakumbuyo osatsegula lakutsogolo, anthu athyola zenera.

Ndipo ife oonera tili ndi gawo lathu laling'ono. Tisiye kukuwiza munthu ali pansi, olo titakaikira chotani. Tikalakwitsa pokhala chete tangotaya kanthu kochepa, wabodza wadutsa ulendo umodzi, vidiyo imupeza. Tikalakwitsa pokuwiza tanyoza mwana amene mwina ntchito yake ya mpira yathera pa udzu pomwepo. Ineyo ndayamba kudzikakamiza kuti wosewera akagwa ndisayang'ane wotchi, ndiziyang'ana ngati akugwedeza manja ndi miyendo. Zikundivutabe, maso amathamangira okha pakona ya sikirini pamene amalemba ma timeout otsala, koma Loweruka likubwerali ndiyeseranso.